Bodza Langa Lili Pansi pa Mtedza

Ndikuvomera, ndinanamiza apongozi anga, a Tembo.

Pikapu imene anandipatsa inayenda mpaka manambala a mtunda anatopa n'kuima. Injini yake inkagogoda mwamphamvu moti tsiku lina mkazi wanga ali m'nyumba anayankha kuti, "Lowani!" Ndikulumbira, anakonza ndi mpando womwe.

Makaniko wa ku Chipata anaimvetsera n'kuvula chipewa. "Bwana, apa palibe chokonza, awa ndi maliro. Gulani ina."

Koma apongozi anakana. "Injini imeneyo ndi imene inkathamangitsira malemu amayi anu kuchipatala. Ikonzedwe, isatayidwe."

Ndinati, "Chabwino, bambo," nditanjuta. Kenako ndinazembera ku Mwami, kumalire, kukagula injini ina yogwirapo kale ntchito n'kuimangitsa m'pikapumo. Yakaleyo ndinasowa kokaitaya, poti kuno ku Chiparamba aliyense ndi m'bale wawo, ndiye ndinaikwirira m'nkhokwe, pansi pa mtedza.

Tsopano Lamlungu lililonse tikaweruka ku Misa, apongozi amatsegula boneti n'kumasisita injini yachilendoyo. "Mwamva? Mawu ake ndi omwe aja. Ine iyi sindingaisokoneze ndi ina." Ine ndimangoti, "Zoona, bambo," maso ali pa matayala.

Vuto ndi lakuti mtedza ukutsika m'nkhokwemo. Ndaletsa nsinjiro m'ndiwo, ati zimandipotokola m'mimba, ine amene ndinkanyambita mbale. Ogula abwera kawiri, ndawabweza. Dzulo apongozi anayang'anitsitsa nkhokwe yopendekekayo.

"Mkamwini, chaka chino mwakolola zolemera. Loweruka ndibwera ndi anzanga akwaya tidzakuthandizeni kuswa mtedza wonse."

Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo."