Munaphunzira kusambira pakati pa ana

Achemwali anga a Tiyamike, lero mwana wanga Chisomo wabwera kuchokera kusukulu akuthamanga, foni ili m'manja. Amafufuza za makorali, miyala yamoyo ya pansi pa nyanja ija, ndiye wangoona dzina lanu, mapepala a kafukufuku wanu ali ndandanda mpaka chala kutopa. Wandifunsa m'Chingerezi chake chija kuti, "Amayi, awa si anti?" Ine ndangokhala pansi.

Owerenga mapepalawa sadziwa kuti munafika kuno kutsidya kwa nyanja ku Perth, mwana wa kumapiri a Dedza, musakudziwa kusambira. Kuyunivesite anakuuzani mosapsatira kuti wowerenga nsomba za m'makorali amalowa yekha m'madzi, apo ayi musinthe kosi. Loweruka la sabata yomweyo tinapita kudziwe losambiramo ku Armadale, inu n'kulowa mbali ya ana, mayi wamkulu, madzi olekeza m'chiuno. Munamwa madzi, munatsokomola, ine manyazi atandigwira. Ndinati, "Achemwali, tiyeni tizipita, anthu akutiyang'ana." Munapukuta kumaso n'kundiyankha kuti, "Asiye ayang'ane. Asodzi akudikira kumva chomwe chikuthetsa nsomba zawo, ndiye ine ndiziopa maso a anthu?" Munabwereranso m'madzi.

Papita zaka ziwiri chitisiyireni, koma anthu akukuyang'ananibe, achemwali. Ine amene ndinkafuna kukubisani tsiku lija, lero ndatumiza dzina lanu kwa aliyense ali m'foni mwanga. Usani mumtendere, Dokotala.