Waya Wachitatu

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene amuna anga, a Tembo, analephera kudzuka pampando popanda kugwira khoma. Msana unali utawathera mumgodi. Ntchito itatha tinachoka kukomboni ya mgodi ya Wusakile n'kusamukira ku Kabushi, ku Ndola, kumene sitinkadziwa munthu. Mwana wathu woyamba, Esinati, anali atakwatiwa kale kukomboni ya Kwacha, ndipo ang'ono ake awiri anali pasukulu. Ndinapemphera novena ya masiku asanu ndi anayi. Isanathe n'komwe, mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti mkulu wake wa ku Lusaka akufuna wantchito wa m'nyumba. Ndinati, Ambuye mwandimva.

Ku Lusaka ndinkagona m'kachipinda kakuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Abwana anali anthu abwino, sindingawanamizire. Koma pali kusungulumwa kwina kumene sikutha ngakhale ukhute. Ndinkasita malaya a ana a eni ake ndikuganiza kuti anga apita kusukulu ndi makwinya. Lamlungu lililonse ndinkaimba foni. "Muli bwanji kumeneko?" "Tili bwino. Kaya inu?" "Ndili bwino." Ndinayankha choncho ngakhale mlungu umene malungo anandigwetsa m'bafa. Esinati yekha ndiye anasiya kupezeka pafoni, ndipo atate ake anati foni yake inagwera m'madzi.

Kwa abwana chipinda chilichonse chinali ndi TV, koma eriyo padenga inali imodzi. Tsiku lina kunabwera mmisiri, ine n'kumufunsa kuti zimatheka bwanji. Anandionetsa kabokosi kachitsulo kogawa mawaya, kamene amati sipulita. Malipiro a mwezi umenewo ndinatumiza onse. Ndinawauza a Tembo kuti agule eriyo, paipi yaitali ndi kabokosi kaja. Waya umodzi upite pabalaza, wina kuchipinda kwathu kumene kuli TV yakale, kuti msana ukavuta azionera Misa ali chigonere. Mawaya awiri basi.

Patapita miyezi inayi, bana Chanda, mayi oyandikana nafe nyumba, ananditumizira uthenga wa mawu. Ndinaumvera ndili pasinki.

"Amake Esinati, ine bodza sindilidziwa. Pa eriyo yanu patsika mawaya atatu. Wachitatu walowa kuchipinda chakumbuyo. Aboola okha khoma amuna anu, ndi msana wawo womwewo, mayo ine! Pachingwe pali zitenje zimene si zanu, ndi matewera. Mwini wake satuluka."

Mbale inandipulumuka. Munthu amene sangawerame kumanga nsapato, waboolera khoma mkazi wina? Ndi ndalama za manja anga? Masiku atatu ndinayesa kupemphera korona, koma mikanda inkangodutsa m'zala, mawu osatuluka. Lachisanu ndinapempha tchuthi. Kunyumba sindinauze aliyense.

Ndinatsika minibasi cha m'ma fotini, 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Eriyo ndinaionera patali, itaima pamwamba pa nyumba zonse za mzere wathu. Bana Chanda anali pa geti pawo, manja m'chiuno. Ndinangowagwedezera mutu. Sindinalowe m'nyumba. Ndinaika chikwama pansi n'kuyamba kutsata waya ndi maso, kuchokera kupaipi mpaka pansi pa malata. Kabokosi panalibe. Panali chimfundo cha mawaya opotana, chokulungidwa ndi tepi yakuda ndi pepala la shuga. Umodzi unalowa pazenera la pabalaza, wina kuchipinda kwathu. Wachitatu unayenda m'mbali mwa khoma, wokhomeredwa ndi misomali yopinda, kulowera kuseri.

A Tembo anatuluka ndi ndodo yawo. Atandiona anaima pomwepo.

"Amake Esinati! Bwanji osaimba?"

"Waya uwu ukupita kwa ndani?"

"Lowani kaye mumwe madzi."

"Ndafunsa za waya."

Anayang'ana pansi. Ine ndinautsatira wayawo mpaka pamene unalowera pabowo la pamwamba pa chitseko. M'kati munkamveka TV ikudukiza mawu, ndi kamwana kakulira. Ndinati, Mayi Maria ndigwireni dzanja ndisachimwe. Ndinakankha chitseko.

Pamatiresi panali Esinati. Wowonda, tsitsi losapesa, chipsera pamwamba pa diso, khanda pabere. Pampando panali ka TV kamene tinamupatsa paukwati wake, chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho tsiku limene mwamuna wake anamumenya n'kumuthamangitsa ali ndi pakati. Bana Chanda sakanamudziwa, anali asanamuonepo.

"Amama," anatero. "Ndinawaletsa ndine adadi. Ndinati mukamva musiya ntchito."

Ndinagwa pamatiresipo. Zimene ndinalira sindingazilembe.

Kenako a Tembo anafotokoza ataima pakhomo. Mwanayo ankakana kutuluka chifukwa cha manyazi, ankangoyang'ana khoma tsiku lonse, iwo n'kuopa kuti adzipweteka. Ndalama ya kabokosi anagulira waya wowonjezera ndi dekoda yakale, mawayawo n'kungowapota okha pamodzi. Kuboola khomako kunawagoneka masiku anayi.

"Ndiye chithunzi chimaduka m'zipinda zonse," anatero mwamanyazi. "Wansembe akakweza chikho amauma pomwepo, mpaka ine ndimatopa kugwada mumtima."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Ndinawapempha andikhululukire zimene ndinawaganizira. Anati, "Ndi msana uno, ndani angandifune?"

Madzulo asanafike ndinakwera pampando ndekha, n'kumasula tepi ija, n'kuchotsa waya wachitatu pamfundo. Esinati anadabwa.

"Amama, mukundichotsera TV?"

"Ee. Uzionera pabalaza, ndi anthu. Iwe sunabe kanthu."

Ndinamubereka mdzukulu wanga, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo, n'kuitana bana Chanda kuti adzamuone mkazi uja. Anabwera akukoka mapazi, koma atamva nkhani anabwerera kwawo n'kukatenga sopo ndi chitenje chatsopano. Mulungu awadalitse, pakamwa pawo ndi pamene panandibweretsa. Esinati anakhala pakati pa ine ndi atate ake, ang'ono ake pansi. Titayatsa TV chithunzi chinabwera bwinobwino, osaduka.

Ku Lusaka ndinabwerera patatha mlungu, chifukwa ana ayenera kudya. Koma ndinasiya lamulo. Zaka ziwiri tinkauzana kuti tili bwino, aliyense akubisa bala lake poteteza mnzake, mpaka ndinatsala pang'ono kuda mwamuna wanga. Tsopano Lamlungu ndikaimba, wina akangoti "tili bwino," ndimati, "Zimenezo ndamva. Tsopano ndiuzeni zoona." Ndipo ndimayamba ndine.