Manda Awo Anakwiririka ndi Phulusa

Nditangofika ku Birmingham kudzagwira ntchito ya unamwino, ndinapeza malo ku Nechells, m'mafulati a khansolo. Khomo loyang'anana ndi langa linali la banja lina lachikulire, anthu akuda ngati ine. Ndinkawayesa a ku Jamaica, mpaka tsiku lina lifti itafa, ndinakwera masitepe limodzi ndi mayiwo nditawanyamulira jumbo.

"Ife ndi a ku Montserrat," anatero. "Simungakudziwe. Pamapu ndi kadontho chabe."

Zoonadi sindinkakudziwa. Anati ndi kachilumba ka pakati pa nyanja yamchere, kamapiri kokhakokha, kochepa moti aliyense ankadziwa mwana wa mnzake. Kwawoko iwo anali mphunzitsi, amuna awo ankagwira ntchito padoko. Makolo awo anafikako pa zombo za akapolo kudzalima nzimbe, ndipo ngakhale anthu ankasankha okha aphungu, bwanamkubwa ankachokerabe ku London, monga zinkakhalira kwathu nthawi ya atsamunda. Ndiye phiri lomwe linali duu chibadwire chawo linayamba kulavula moto. Tauni yawo, yomwe inalinso likulu, inakwiririka ndi phulusa ndi matope. Boma linaletsa munthu kupondanso chigawo chonse cha kummwera. Ambiri anathawa, iwo n'kudzagwera ku Nechells.

Bambowo sankalankhulalankhula. Ankakhala pawindo atavala jekete ngakhale hita ikuyaka, maso ali ku mafakitale. Matenda a shuga anawadya phazi, ndipo ndikakhala ofu ndinkapita kukawatsuka bala. Ankangonditchula kuti nesi. Tsiku lina anandifunsa ngati kwathu mango amagwa okha mumtengo. Nditavomera anagwedeza mutu.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chaka changa chachitatu kuno. Nditaweruka kuntchito ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifomu n'kukakhala nawo mayiwo pasiwa. Kutchalitchi kwathu, Mmalawi akatisiya sitipuma mpaka thupi litakwera ndege, kuti akagone pafupi ndi makolo ake. Ndiye ndinafunsa osayamba ndaganiza.

"Mayi, thupi linyamuka liti kupita kumudzi?"

Anapitiriza kupukuta kapu yomwe inali youma kale.

"Mwanawe, manda athu ali pansi pa phulusa. Mayi anga ali momwemo, mwana wanga woyamba alinso momwemo. Ngakhale mtanda suoneka. Kumpoto kwatsalako kulibe wathu aliyense. Bola amuna anga aikidwe konkuno, ndizikwera basi kukawaona."

Ndinagwidwa manyazi. Ndinangotenga makapu otsalawo n'kuyamba kutsuka.

Bambowo tinakawaika tsiku la mvula yowaza, m'manda aakulu a mumzinda. Dzenje anakumba ndi makina, dothi lake lakuda, lonyowa. Anthu a pachilumba paja anabwera kuchokera ku Wolverhampton, ena ku London, ndipo pofunsana moni ankatchulana midzi yomwe kulibenso. Nyimbo zina ndinkazidziwa maimbidwe ake, ndinaimba nawo m'Chichewa chapansipansi.

Mayiwo anayamba kuiwalaiwala. Kawiri anasiya poto pamoto, utsi n'kudzaza khonde lonse. Mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Nuneaton. Ndinawaimbirako foni kangapo. Ulendo womaliza anandiyankha mwaulemu ndithu, koma ndinamva kuti sakudziwa amene akulankhula naye. M'fulati muja munalowa banja lina, ndipo chaka chomwecho inenso ndinasamuka.