Khutu Lotsala la a Moffat

Achimwene anga a Moffat Makawa sanaimbepo lipenga moyo wawo wonse, ngakhale kuligwira kumene. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa anthu kuno ku Chonde akamva kuti munthu anali wa bandi amayesa ankavala yunifolomu. Ayi ndithu. Iwo anali omvera chabe, koma omvera ake otopetsa. Ine ndine Sabina, mlongo wawo wamng'ono, ndimagulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, ndipo misala yawoyi ndaipirira kuyambira ndili mwana.

Inawayamba tikukhala ku malaini a esiteti ya tiyi kumene bambo athu ankagwira ntchito. Masiku amenewo bandi ya malipenga inkabwerabwera, kaya kuli chikondwerero ku Boma, kaya ukwati wa munthu wopata, kaya msonkhano wa mpingo. Ana tonse tinkathamangira kukaona mabatani onyezimira, tikatopa n'kubwerera. Achimwene ankatsala. Tsiku lina anatsatira bandi ikuguba mpaka anakatulukira dera losalidziwa, botolo la parafini limene mayi anawatuma m'mawa lili m'manja. Anakwapulidwa kwabasi, koma misozi ili m'masaya ankaimbabe chapansipansi nyimbo yomweyo.

Atakula analowa ntchito m'fakitale, mbali ya makina odula tiyi, kumene munthu ukafuna kulankhula ndi mnzako umachita kumukuwira m'khutu. Anakwatira alamu anga a Janeti, ana anabadwa, koma aliyense ankadziwa kuti mkazi wamkulu panyumba ija ndi bandi. Masiku awo a tchuthi sankapita nawo kumunda ngati anzawo. Ankawasunga, kudikira kumva kuti malipenga akubwera. Akamva, ankasita jekete, n'kukaima mbali ya malipenga akuluakulu aja a kukamwa ngati beseni. Ankati ife tonse timangomvera timalipenga ting'onoting'ono tolira pamwamba, chonsecho nyimbo yeniyeni ili pansi. Akabwerako ndiye tinkaona zakuda. Sabata yathunthu ankatiimbira mbali ya lipenga lililonse palokhapalokha, mpaka alamu ankatenga ndowa kupita kumjigo madzi ali odzaza m'nyumba.

Makina aja anawadya khutu lakumanzere. Linayamba kulira ngati nyenje, kenako linangoti zii. Atapuma pantchito anatuluka m'nyumba ya kampani n'kudzamanga kuno pafupi ndi ine, ali ndi khutu limodzi basi. Ndipo bandi nayo inali itasiya kubwera. Masiku ano ukwati ndi masipika, msonkhano ndi masipika, ngakhale maliro. Achimwene ankati amenewo si nyimbo koma chigayo chovala nsalu. Zaka zinapita osamva lipenga lamoyo, ndipo khutu lotsala lija ankalisamala ngati khanda. Mvula ikamagwa ankaliphimba ndi dzanja. Pachigayo ankadutsa cha patali. Anandiuza kangapo kuti akudziwa kuti nalonso likupita pang'onopang'ono, ndipo sakupempha zambiri kwa Mulungu, koma kuti amve bandi kamodzi kokha lisanatsekeke.

Ndiye chaka chatha kunamveka kuti mpingo wina wa ku Limbe udzachititsa msonkhano pabwalo la ku Boma Loweruka, ndipo ukubwera ndi bandi yathunthu. Munthu wamkulu uja anasanduka mwana. Jekete inatuluka m'sutikesi, nsapato zinapita kwa wosoka. Koma sabata yomweyo kunagwa chiperoni, kamvula kozizira kosaleka kaja, achimwene n'kudwala chimfine, khutu labwino lija n'kutseka. Ankamva, koma ngati munthu akulankhulira m'chipinda china. Ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anawayang'ana bwinobwino n'kunena kuti ndi chimfine chabe, amwe mapiritsi, litseguka lokha, asathiremo kanthu. Achimwene anafunsa ngati lidzakhale litatseguka pofika Loweruka. Adokotala anati mwina. Mawu akuti mwina amenewo ndi amene anawasowetsa mtendere.

Kwathu kuno aliyense ndi dokotala wa makutu. Wina amati mafuta a nkhuku, wina amati madzi a masamba akutiakuti. Koma amakaniko ndiye ali ndi mankhwala awo amene amawakhulupirira kuposa Baibulo, mafuta a mabuleki. Chilonda amathira omwewo, chipere omwewo, dzino omwewo. A Luckson, okonza maminibasi pasiteji pathupa, mnzawo wa achimwene wa kalekale, munthu wabwino mtima koma mutu wopanda kanthu, atamva za vutoli anabwera nawo m'kachitsekerero ka botolo. Alamu anawagwira mutu achimwene, a Luckson n'kudonthezera m'khutumo.

Ine ndinafika atamaliza. Ndinapeza achimwene atagwira mwendo wa mpando mwamphamvu, misozi ikungoyenderera, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira chonchija. Ndinawatukwana a Luckson mpaka anthu anatuluka m'mashopu, ndipo sindinapepese mpaka lero. Koma achimwene anandiletsa ndi dzanja, amvekere mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito. Anatsekamo thonje n'kunena kuti adzalichotsa pabwalo pomwepo, mphepo isalowemo.

Lachisanu thonje lija linkanyowa ndi zinthu zachikasu. Ukawaitana sankacheuka, ukawafunsa ndi manja ankaloza thonjelo, kuti ndi limene likutchinga. Ndinawakoka kuti tibwerere kuchipatala, anakanitsitsa. Ankaopa kuti akawagoneka, bandi n'kuwadutsa ali pabedi. Mtima wanga unali utadziwa kale, ndipo ndinkachita mantha, koma munthu wamkulu sungamunyamule.

Loweruka tinakwera minibasi, ine ndi iwo. Inachedwa kudzaza monga mwa masiku onse, moti pofika ku Boma bwalo linali litadzaza kale. Titangotsika ndinamva malipenga, ali patali koma akumveka bwino lomwe. Ndinawayang'ana achimwene. Ankangoyenda mwachifatse, akukonza kolala ya jekete.

Tinaima kumbuyo kwa khamu, kutsogolo osaonako chifukwa cha mitu ndi maambulera. Bandi inali pakati pa nyimbo, ng'oma ikugunda, amayi akuvina, mwana wina kumbuyo kwa mayi ake akulira ndi phokoso. Achimwene anatulutsa thonje lija pang'onopang'ono, analikulunga m'kampango, n'kutembenuza mutu kuti khutu lakumanja liloze kubwalo. Anamwetulira, akudikira. Anadikira ndithu. Kenako anandigwira pamkono n'kulankhula mokweza, monga amachitira anthu osadzimva okha.

"Sabina, anthu a ku Limbewa sasunga nthawi. Ayamba liti kodi?"

Anthu anacheuka, ena anaseka. Sindikanatha kuwanamiza, komanso sindikanatha kuwauza. Ndinangowagwira dzanja n'kuyamba kukankha anthu, ena akundinena, ine osawalabadira, mpaka tinakafika pachingwe cha kutsogolo. Pamenepo anadzionera okha. Oimba onse masaya ali tukumu, zala zikuthamanga, wotsogolera akuponya mikono m'mwamba, malipenga akuluakulu aja ali pafupi moti ukanatha kuwakhudza.

Anatembenuza mutu uku, anautembenuza uko. Anapisa chala m'khutu n'kugwedeza. Anatseka mphuno n'kuuzira mpaka maso anafiira. Kenako manja anangowagwetsa. Sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira. Ndinawakoka kuti tizipita, anakana. Anaima pachingwe pomwepo mpaka oimba anapukuta malipenga awo n'kuwalonga m'mabokosi.

Lolemba ku chipatala anatiuza kuti mkati mwa khutu munapsa, ndipo zimene zawonongekazo sizibwerera. Mafinya anauma patapita masabata, koma kumva ndiye kunapitiratu. A Luckson amadutsa njira ina masiku ano. Alamu anaonda ndi maganizo, ndipo ine sindiwanena, chifukwa ankangofuna kuti amuna awo akasangalale.

Achimwene tsopano amakhala pakhonde tsiku lonse, kuyang'ana magalimoto akudutsa. Saimbanso. Ndikaweruka kumsika ndimawapatsira nthochi zotsala, ndipo nthawi zina amandikhazika pansi, amandiyang'anitsitsa pakamwa kuti aone mawu, n'kundifunsa funso limodzimodzi.

"Iwe unamva, Sabina. Tandiuza, tsiku lija anaimba ziti?"

Akanangodziwa maina ake, bwenzi akuziimba okha mumtima, lipenga lililonse pamalo pake. Koma ine nyimbo za bandi sindizidziwa, kwa ine zonse zimafanana. Ndinafunsako anthu amene analipo, onse amangoti zinali zokoma. Ndiye ndimangowagwedezera mutu kuti zinali bwino, iwo n'kutembenukiranso kumsewu.