Tuba ya Mlongo Wanga

Tuba ija, lipenga lalikulu lamkuwa, inafika kukomboni kwathu ku George pa wilibala. Aphunzitsi a bandi ya kutchalitchi kwathu anaikankha okha, n'kuipereka kwa mlongo wanga wamng'ono, kamwana koonda ngati bango, kamene sikanaipemphe n'komwe. Amene ndinaipempha ndinali ine, koma anandiyankha kuti atsikana ali ndi kwaya.

Nyumba yonse inayamba kumunyengerera mwanayo. Amayi ankamuphikira dzira, ati lipenga lalikulu chonchi limafuna chifuwa. Kukatunga madzi kukiyosiki anamuletsa kuti mapewa angatope, ndiye zigubu zake zinagwera ine. Akangoliza kamodzi, kaphokoso konga ka mbuzi yachimfine, atate ankaomba m'manja.

"Limba mwana wanga, osaleka! Uzayenda nayo kutali iyi."

Nsanje inkandidya, sindibisa. Loweruka lililonse ndinkaibereka tubayo ndi chitenje mpaka kutchalitchi, poti mwiniwakeyo sakanatha kudumpha nayo ngalande. Iye ankabwera pambuyo, akudya chitumbuwa. Ndikatula, ndinkakhala panja pafupi ndi zenera, kumamva aphunzitsi akumubwerezera zomwezomwezo: milomo izinjenjemera, mpweya uzichokera m'mimba. Mutu wake sunkagwira. Wanga unkagwira. Amayi akapita kumsika, ndinkatseka kukamwa kwa tuba ndi chisanza kuti isamveke, n'kumayeserera mpaka milomo kuchita dzanzi.

Tsiku lina mlongo wanga anangoti basi, anzake akumuseka, akufuna mpira. Anamulonjeza nsapato zatsopano, anamuopseza ndi lamba, koma anakanitsitsa kwamtuwagalu. Amayi atatopa anandituma kuti ndikabweze katundu wa eni.

Ndinapeza chitseko cha aphunzitsi chili chotseka. Ndinakhala pakhonde, n'kuliza nyimbo ya maliro imene ankaphunzitsa mwezi umenewo, yonse mpaka kumapeto. Aphunzitsi anatuluka mothamanga, opanda nsapato, chimwemwe chili tayale.

"Ehe! Nenze kuziba ine kuti mwana uyu..."

Mawu anathera pomwepo. Anasuzumira kumbuyo kwanga, kufunafuna mnyamata.

"Ni ine, ba Ticha," ndinatero. "Nifuna kungena mu bandi."

Anandilanda tuba ija mosamala, napukuta ndi malaya awo pamene ndinaika milomo.

"Waona ka? Ngati iwe mukazi wakwanisa, nanga iye? Yenda ukamuuze abwele mailo m'mawa."