Bambo, Bakha ndi Minibasi ya ku Nsanje

Ndinanyamuka ku Blantyre Loweruka m'mamawa kukali kachisanu, nditatenga kachikwama ka zovala, shuga wa amayi, ndi foni yotchaja mpaka kudzaza. Katundu weniweni wa ulendowu anali m'fonimo.

Ine ndi achimwene anga a Joaki, amene ali pa ntchito ku Joni, kucheza kwathu ndi kotumizirana timakanema ta nyimbo timene timatola pa intaneti. Iwo si munthu wa mawu ambiri. Akanditumizira kwaya yoimba mwachifatse ndimadziwa kuti asowa kumudzi, akatumiza agogo ovina mpaka mpango kugwa ndimadziwa kuti zinthu zikuyenda. Sabata imeneyo anatumiza kanema wina, kenaka nkuimba foni, zimene sachita kawirikawiri. Anangoti ndiyang'anitsitse nkhope ya mdala amene akuimbayo.

Kanemayo wina anajambula kalekale pa ukwati kwathu kwa Malemia, ndi mafoni aja oyamba kukhala ndi kamera. Anyamata akuimba ulimba, chida chija cha timatabwa chokhala ndi zikho kunsi, ndipo mdala wovala jekete dzuwa likuswa mtengo akutsogolera nyimbo ya Chisena atapanira bakha m'khwapa, mphatso ya akwati. Mdala akamaliza mzere, bakha amalira ngati akuvomera. Kenaka bakha uja apulumuka, mdala nkuyamba kumuthamangitsa pakati pa anthu, koma nyimbo osaisiya, phazi osaphonya. Mdalayo anali bambo athu a Zuze, amene anamwalira zaka zingapo zapitazo.

Zithunzi zawo zonse zinapita ndi madzi osefukira pamodzi ndi nyumba yathu yakale. Chiikireni maliro, amayi anali asanaonenso nkhope ya amuna awo, pakuti foni yawo ndi ya mabatani. Koma pansi pa kanemayo anthu anali atalemba zoseka zokhazokha, ena kuwatchula bambo kuti chidakwa, pamene mowa sankaulawa nkomwe. A Joaki anati tisawaonetse amayi, tingawatsegule bala. Ine ndinati ndipita, ndikaona komweko.

Pa siteji ya maminibasi a kumunsi kondakitala ananditchulira mtengo umene zaka za m'mbuyomu ukanandifikitsa ku Nsanje ndi kundibweza. Nditadandaula, anati ndikadandaule kwa ogulitsa mafuta. Ndinakhala pawindo, miyendo nditaipinda pamwamba pa thumba la kabichi la munthu wina.

Titadutsa Madziabango tinayamba kutsika mapiri. Msewu umenewu umakhota ngati njoka yomenyedwa, ndipo anthu amaleka kulankhula, aliyense akupemphera chamumtima kuti mabuleki agwire. Pakhona ina chigwa chonse chinaoneka pansi, Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri. Ndili mwana tinkatsika msewu umenewu pa basi yaikulu ndi bambo, ndipo ankatiuza kuti makutu akatseka ndiye kuti dziko la kumtunda likutsazika. Makutu anatsekadi. Pofika pa Thabwa juzi ndinali nditavula. Amayi ogulitsa anathamangira pawindo ndi mabeseni a masawu ouma, malambe ndi bwemba, ndipo ndinagula malambe kuti ndizimumunya.

Tinaoloka mlatho wa Shire, tinaima pa Dyeratu pamene dalaivala anakadya kanyenya wa mbuzi osatiuza, nkupitirira mpaka pa Nchalo. Pamenepo anatigulitsa kwa minibasi ina, chifukwa otsala opita ku Nsanje tinali ochepa. Yatsopanoyo chitseko chake ankachimanga ndi chingwe, koma sipika yake inali ya mphamvu kuposa injini.

Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene ankachokera ku Limbe ndi madengu opanda kanthu. Anandifunsa mu Chisena kuti ndili bwanji, ndipo lilime langa, limene ku tauni limachita dzimbiri, linamasuka lokha. Ataona ndikusisita foni, anatulutsa yake yong'aluka galasi nandionetsa kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Bangula. Analoza mtsikana wamtali wa mzere wakumbuyo nati ndi mwana wawo, anakwatiwa kutsidya ku Mozambiki, ndipo papita nthawi asanaonane. Anati kanemayo amamuonera m'mawa uliwonse asanayale nsomba. Ine ndinawaonetsa wa gulu la azibambo oimba ndi magitala a zigubu, amene ng'oma yawo inaphulika pakati pa nyimbo. Anaseka mpaka kundimenya pantchafu, nati ndiwatumizire. Tinagundanitsa mafoni ngati akudya m'mbale imodzi.

Titachoka pa Ngabu, mphepo yolowa pawindo ili ngati ya m'ng'anjo, bambo wina wa mpando wa kutsogolo, wovala ovolosi ya kuminda ya nzimbe, anatembenuka nati zathuzo nzochepa, iye ali ndi kanema woti munthu akaonera amaiwala mavuto. Anakweza foni m'mwamba kuti tonse tione. Ndisanaone chilichonse ndinamva ulimba, kenaka mawu aja.

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Kondakitala anaseka mpaka kutsamira chitseko cha chingwe chija. Wina anati mdalayu anali atakhuta kachasu, wina nati bakha ndiye amaimba bwino kuposa mwini wake. Ine ndinangoyang'ana panja, ng'ombe zikudya m'mbali mwa msewu, malambe atandiwawira mkamwa. Mayi wa nsomba uja ndiye anaona kuti sindikuseka. Anandifunsa ngati mutu ukundipweteka.

“Amenewo ndi bambo anga,” ndinatero. “Anamwalira.”

Ndinanena motsitsa, koma anamva onse. Bambo wa ovolosi uja anatsitsa foni mwamsanga, nayamba kupepesa mosokoneza Chichewa ndi Chisena. Kenaka dalaivala, amene ulendo wonse anali asanatsegule pakamwa, anazimitsa wailesi nandiyang'ana pagalasi. Anafunsa ngati ndingalole kuti aimve bwinobwino nyimboyo pa sipika, chifukwa phokoso la kuseka linamulanda mawu ake. Ndinavomera.

Mawu a bambo anadzaza minibasi. Popanda chithunzi, bakha ankangomveka patali, ndipo chimene chinatsala ndi munthu woimba ndi mtima wonse. Ndi nyimbo imene tinakula tikuimva pakhomo, ya mnyamata amene anagulitsidwa nsomba zowola ndi mtsikana wina padooko, koma mawa lake anapitanso kukagula kwa yemweyo. Mdala wina wa kumpando wakumbuyo, amene ndinkayesa ali m'tulo, anayamba kuvomera motsitsa. Anati a Zuze sanawadziwe, koma kaimbidwe kameneka ndi ka kwawo, ndipo oimba chotere atha. Itatha nyimbo, bakha analira komaliza, ndipo ine ndinayamba kuseka ndekha, misozi ili mbwee. Enawo anadikira kaye kuti aone ngati nkololedwa, kenaka anaseka nane.

Mayi wa nsomba anatsikira pa Bangula. Anandigulira thobwa la mapira pawindo, ndipo nditathokoza mu Chisena kuti takhuta nkumuuza chimene ndinkapitira kumudzi, anandigwira dzanja nati ndisawabisire amayi. Anati mkazi wamasiye saopa kuseka kwa anthu, amaopa kuiwala.

Tinadutsa Tengani, njanji yakale ili m'mbali yomera tchire, ndipo tinafika pa boma la Nsanje dzuwa litapendeka. Ndinakwera kabaza wa njinga yakapalasa. Njira ya kwathu ndi ya mchenga, ndipo m'malo ena ndinkatsika kuti tikankhe. Tinadutsa pamene panali nyumba yathu yakale. Patsala mtengo wa bwemba wokha, pamene bambo ankakhala akukonza zikho za ulimba, ife tikuwapatsira phula.

Amayi ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu akupeta mapira. Anadabwa kundiona popanda uthenga, ndipo choyamba anafunsa ngati kwa a Joaki kwagwa zovuta. Ndinati ayi. Anandipatsa madzi a mumtsuko, ndinawapatsa shuga, tinafunsana za odwala ndi za mbuzi. Ndinazengereza mpaka nkhani zonse zinatha. Kenaka ndinakhala nawo pamphasa, ndinawauza kuti ndabwera ndi chinthu choti aone, ndipo akafuna ndizimitse anene.

Anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya madzi otentha. Ulimba utayamba anakwinya nkhope. Kenaka bambo anatulukira. Amayi anangoyandikitsa foni kumaso, chala chawo chikuyenda pagalasi mpaka kanema anaima. Ndinamuyambitsanso. Pamene bakha anapulumuka, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndilande foni. Koma kunali kuseka.

“Bakha ameneyu anali wanga,” anatero akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. “Anamutenga osandipempha. Sitinalankhulane mpaka Lachitatu.”

Anati ndibwerezenso, ndipo ulendo uno sanayang'ane, anangoika foni pakhutu. Milomo yawo inkatsata mawu. Ndinawauza mosamala kuti kanemayu waonedwa ndi anthu ambiri m'dziko muno ngakhale kunja, ndipo ambiri amaseka. Anandiyang'ana ngati ndanena zopanda mutu. Anati nanga munthu wovina ndi bakha m'khwapa amafuna anthu alire? Anati bambo akanamva kuti akuseketsa anthu mpaka ku Joni akanagula jekete ina.

Kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa mtsikana wa m'nyimboyo. Ndinati ndinkayesa ndi nyimbo chabe. Anapukusa mutu nandiuza kuti ali mtsikana ankagulitsa nsomba padooko la ku Marka, ndipo kunkabwera mnyamata wina woonda amene tsiku lililonse ankadandaula za nsomba zadzulo, koma osapita kwa wina. Anadandaula mwezi wathunthu asanalimbe mtima kunena chimene ankafuna. Nyimboyo anaipeka atakwatirana kale, ndipo ankaiimba pa ukwati uliwonse akudziwa kuti amayi ali pomwepo ndipo sangayankhe pagulu.

Anaitana anansi. Posakhalitsa pamphasa panadzaza azimayi, aliyense akuloza m'kanemamo anthu amene ine sindinawaone nkomwe: uyu anapita ndi madzi, uyu anasamukira kumtunda, kamwana aka kali ndi ana ake tsopano. Ndinazindikira kuti chimene kwa anthu a pa intaneti chinali mdala ndi bakha, kuno unali mudzi wonse wakale, mmene unalili madzi asanaubalalitse. Ine ndinayenda mtunda wonsewo ndikuopa kuti ndanyamula chipongwe, osadziwa kuti ndabweretsa alendo ambirimbiri kwawo.

Batire isanathe ndinaimbira a Joaki. Amayi analanda foni nawauza kuti akapezanso wina asachedwe naye, atumize. A Joaki anafunsa ngati amayi sanakhumudwe.

“Ndakhumudwa ndi chimodzi,” anatero amayi. “Dziko lonse lamva mbali ya bambo ako yokha. Nsombazo sizinali zowola.”