Masiku Awiri Osandiyankha Moni

Chaka changa chachiwiri ku Canada ndinapeza ntchito ku Oakville, yosamalira agogo ena achizungu amene anali atayamba kuiwala zinthu. Ndinkanyamuka ku Scarborough m'mamawa, basi kaye, kenako sitima ya pansi pa nthaka, kenako sitima yaikulu. M'sitimamo ndinkawodzera, nyumba ndi mitengo yopanda masamba zikuyenda pawindo ngati zili pansi pa madzi.

Amene anandilemba ntchito anali mwana wawo wamkazi, woimba. Ndinkawatchula kuti Madamu. Ndinawaona tsiku limodzi lokha, mawa lake n'kukwera ndege. Kukwaya kwathu mawu apansi a akazi timati aluto, koma awo ankatsika kupitirira pamenepo. Amati kontiralito. Ankaimba m'maholo akuluakulu ndiponso m'masewero aja oti nkhani yonse amaiimba, otchedwa opera. Mwezi uno Vienna, mwezi wamawa Tokyo, kenako mzinda wina umene ndinkachita kuufufuza pafoni.

Kwa miyezi isanu ndinawadziwa kudzera m'zinthu zawo. M'khonde munali zithunzi: apa avala ngati mfiti, apa ngati nkhalamba yolera ana a mfumu, apa avala thalauza ndi lupanga ngati mwamuna. Atandiona ndikuzipenya tsiku loyamba lija anaseka.

"Mawu ngati angawa sakwatiwa pasiteji," anatero. "Ine ntchito yanga ndi kutemberera, kapena kulira maliro a ena."

Masana aliwonse ndikawadyetsa agogo ndinkawaikira nyimbo za mwana wawoyo. Mawuwo ankadzaza chipinda pang'onopang'ono ngati kutentha kwa mbaula. Agogo ankatsinzina, ine n'kumapinda zovala, chipale chofewa chikugwa panja osamveka. Nthawi zina ndinkaiwala dziko limene ndinali.

Kenako Madamu anabwera kudzaimba ku Toronto. Anafika Lachitatu, anandikumbatira, anandipatsa mpango wofewa. Tinacheza bwinobwino. Lachinayi m'mawa ndinawapeza kukhitchini. Ndinaima pakhomo, manja pamodzi, maso pansi, ndinawapatsa moni.

Sanayankhe.

Ndinabwereza. Ndinangoona mapazi awo akutembenuka, kapu ili m'manja, n'kukwera masitepe.

Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndisanakafike kwa agogo anga amene anandilera, ndinakhala m'nyumba ziwiri za achibale. Konseko sanandiuze kuti ndichoka. Ankangosiya kundiyankha moni, pakatha masiku ochepa n'kupeza zovala zanga zamangidwa m'chitenje. Choncho mapazi aja atatembenuka, ndinaganiza kuti kunonso ndichoka. Makalata anga okhalira m'dziko muno ankadalira ntchito imeneyo. Komanso agogo achizungu aja ndinali nditawazolowera. Ndinkadziwa kuti supuni amaikana ikabwera kumanzere.

Ndinawafunsa agogowo ngati mwana wawo wakwiya nane.

"Mwana wanga ali ku Vienna," anatero, uku mwanayo akuyenda pamwamba pathu.

Lachisanu zinali chimodzimodzi. M'nyumba munali zii, kupatula kamakina kotulutsa nthunzi kamene kankalira m'chipinda chawo. Pobwerera ndinakhala m'sitima ndi mnzanga wa ku Chipata amene ankasamalira nkhalamba ina m'dera lomwelo.

"Waba chani, sisi?" anandifunsa.

"Sindinabe kanthu."

"Ndiye waphwanya chani? Osanama iwe, manja ako niyaziba."

"Palibe."

"Basi ndiye apeza wina. Aba anthu sakalipa, amangokutumira imelo. Koma na iwe, nkhope monga uli pa maliro tsiku lililonse. Uzisekako!"

Anandigawira theka la bisiketi. Sindinaidye.

Loweruka linali tsiku la konsati, ya masana. Ndinafunika kubwera kuti ndikhale ndi agogo. Ndili m'njira ndinatsimikiza kuti ndichita zimene ndili mwana sindinathe kuchita: ndifunsa.

Ndinawapeza atakhala patebulo la kukhitchini, mpango m'khosi, mutu ataweramitsa pa mbale ya madzi otentha. Ndinagwada pa matailosi. Ndinayang'ana pansi, monga anandiphunzitsira agogo anga kuti munthu wamkulu ukamamupepesa sumupenya kumaso.

"Madamu, ngati ndakulakwirani, ndiuzeni. Ndikonza. Musandichotse osandiuza."

Ndinamva mpando ukusuntha, kenako cholembera chikukanda pepala. Anagogoda patebulo. Sindinadzutse mutu. Anagogodanso mwamphamvu. Ine ndinaganiza kuti ndi ukali, ndinaweramiratu. Kapepala kanagwera pafupi ndi bondo langa chadodolido, koma maso anga anali atadzaza misozi, sindinakatole.

Kenako ndinamva mawu aja, omwe aja a masana aliwonse, koma tsopano ali pafupi, pamwamba pa mutu wanga.

"Dzuka, mwana iwe. Tandiyang'ana."

Ndinawayang'ana. Nawonso anali atagwada, mawondo awo akulira.

"Masiku awiri ndisanaimbe sindilankhula ndi munthu aliyense. Mawu ndimawasunga. Zaka makumi awiri ndakhala ndikutero, ngakhale foni sindiyankha. Ndimaganiza kuti a kuofesi yanga anakuuza. Ndakhala ndikukugwedezera mutu, kukumwetulira, kukubayibitsa ngati wamisala, iwe maso ali pa masilipasi anga! Kodi ndi okongola chotero?"

Ndinaseka ndikulira.

"Amayi anenepa, akugona bwino, sakundiimbiranso foni kuti m'nyumba mwalowa akuba," anapitiriza Madamu. "Tsono ndikuchotse ndine wopenga? Tsopano usandilankhulitsenso. Ndipo uwaveke amayi diresi yabuluu, mukubwera nonse."

Anaika chala pakamwa, anagwira tebulo n'kudzuka.

Tinapita pa takisi yonyamula njinga ya olumala. Holoyo inali yaitali ngati tchalitchi, anthu akutsokomola motsitsa. Ine mantha anali atasintha malo. Ndinkawerenga mumtima mawu onse amene anawononga pa ine m'mawa uja, ndikuopa kuti akafika pakati pa nyimbo adzawasowa.

Madamu anatulukira atavala zakuda, anaima patsogolo pa oimba zing'wenyeng'wenye, manja ali pansi. Chinenero cha nyimboyo sindinkachimva. Anayamba motsitsa kwambiri moti ndinayamba kuwamva m'nthiti ndisanawamve m'makutu. Nyali za m'holo zinaoneka ngati zatalikira. Ndinaona msewu wafumbi wa kwathu, wopanda munthu, kenako chipale chikugwa pa msewu womwewo, ndipo sizinandidabwitse. Chakumapeto nyimbo inatsika, inatsikabe, mpaka pamalo pamene ndinati apa pokha aduka. Ndinagwira mpweya. Mawuwo anakhala pamenepo, osagwedera, mpaka zing'wenyeng'wenye zonse zinatha iwo asanathe.

Agogo anandikoka dzanja.

"Mayi ameneyu amaimba bwino," anandinong'oneza. "Ndi wa kuti?"

"Ndi wa ku Oakville, agogo."

"Tidzamuitane adzamwe tiyi."

Lolemba Madamu anali atakwera kale ndege. Ine ndinatsegula chitseko ndi kiyi wanga, ndinavula nsapato zachipale, ndinakatenthetsa madzi osamba a agogo. Ndinakhala m'nyumba imeneyo zaka zina zinayi, mpaka tsiku limene tinawaperekeza agogowo kumanda.